Firiji yanga inapita chifukwa cha kankhope kamisozi

Chaka cha 2024 chija madzi atachepa ku Kariba chifukwa cha chilala, magetsi kuno ku Mtendere mu Lusaka ankabwera tili mtulo n'kupita tisanadzuke, ndiye ka bizinesi kanga ka ma freezit ndi nkhuku kanafera pomwepo. Deep freezer inasanduka kabati yosungiramo mapoto. Amake mwana anati tiigulitse chabe tigule ka solar kochajira mafoni, ine ndinaijambula bwinobwino mbali yopanda dzimbiri, n'kuiponya pa Facebook, K3,500.

Madzulo ake meseji inalowa pa WhatsApp, nambala yachilendo yopanda chithunzi. "LAST PRICE ZINGATI". Moni ayi, muli bwanji ayi, zilembo zikuluzikulu zokhazokha. Inu mukudziwa kuti munthu akalemba choncho m'mutu mwako umamva ngati akukukalipira ali pakhomo. Ndinadziletsa, ndikuyankha mwaulemu kuti K3,200 bwana. Matiki awiri aja anasanduka a buluu. Kenako pamwamba panalemba typing, kusiya, typing, kusiyanso, ine ndili phee kuyang'ana foni nsima ikuzizira m'mbale, munthu akulemba chani nthawi yonseyi, kalata yofunsira ntchito?

Zomwe zinatuluka: "K2000 CASH 😂😂😂".

Apa m'maso mwanga ndinamuona munthuyo bwinobwino, kamnyamata ka ku Town Centre kaja kogulitsa mafoni, kapu yotembenuza, katakhala ndi anzake akuonetsana meseji yanga n'kumafa nacho chiseko. Kundichotsera K1,200 yonse kenako kundisekanso? Zala zinayamba kulemba zokha. "Iwe, ukuseka chani? Firiji iyi si salaula ya ku Soweto. Ngati ulibe ndalama kagule mtsuko, nawonso umaziziritsa madzi." Ndinaiwerenga kawiri, ndinaona kuti yatuluka bwino, ndinauzako ndi amake mwana kuti anthu ena amafunika kuwaika pamalo pawo.

Yankho linabwera: "NDAMVA MWANANGA 😂😂 MULUNGU AKUDALITSE".

Mwananga! Chipongwe chimenechi chinandifika m'mafupa. Ndinalemba kuti mwana wako ndani iwe, ndikuwonjezera kankhope kotembenuza maso kaja kuti amvetse bwino.

Ndiye kunalowa voice note yaitali. Ndinaitsegula pa sipika dala kuti amake mwana amve mwano wa ana a masiku ano. Mawu amene anatuluka anali a mayi wachikulire, onjenjemera pang'ono, Chichewa chake cha ku Katete chenicheni. Ati pepa mwananga ngati ndakulakwira, ine ndimagulitsa nkhuku zoduladula ku Chawama kumene ka magetsi kakabwera ndimathamangira kuziziritsa, firiji yanga inapsa, ndalama ndili nayo ndi yomweyo. Ati zilembo zazing'ono sindiziona, mdzukulu wanga ndi amene anandiikira zikuluzikulu. Ndipo kankhope kamisozi kaja ndimatumiza ndikamalira, ngakhale pa gulu lathu munthu akamwalira ndimatumiza komweko. Taganizani, kankhope kamene a dikishonale ya Oxford anakasankha mu 2015 kukhala mawu a chaka chifukwa dziko lonse limasekera komweko, mayi awa akhala akupepesera nako maliro ndipo palibe anawauzapo.

Amake mwana anali atagwira kale pakamwa, koma voice note inali isanathe. Kumapeto kwake mayi aja anati, nambala yako anandipatsa ndi apongozi ako, timakhala benchi limodzi ku tchalitchi, anandiuza kuti mkamwini wawo ndi mwana waulemu kwambiri.

Ndinayesa delete for everyone, koma zithandiza chani matiki ali a buluu kalekale. Ndinaimba foni, ndipo sindikunama, ndinalankhula nditagwada pa simenti m'chipinda chochezera ngakhale samandiona. Amayi, K2,000 ija ili bwino kwambiri, ndinangochita nthabwala. Iwo ati ayi mwananga, ndaganizanso, pamenepo pali ya galimoto, ndiye yatsala K1,800. Ine eya amayi. Ati nanga poti ndiwe mnyamata wamphamvu, sungabwere nayo wekha? Ine eya amayi. Mawa lake ndinali kumbuyo kwa Canter imene ndinalipira ndekha, nditakumbatira firiji m'mabampu a ku Chawama, ndipo titafika mdzukulu uja anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu n'kufunsa kuti agogo, awa ndi a mtsuko aja? K1,800 inalowa pa mobile money, agogo anandipatsa Fanta yofunda, n'kundipempherera kuti mtima wanga ufatse.

Usiku womwewo apongozi ananditumizira screenshot ya meseji ya mtsuko ija, pansi pake analemba "Taona." ndi kadontho kake, kenako chala chachikulu 👍. Amake mwana akuti chala chimenecho kwa amayi awo chimatanthauza kuti nkhani yatha. Mlamu wanga akuti iyenso anachilandirapo chala chomwecho sabata imene anamulanda makiyi a nyumba ya ku Chilenje. Lamlungu andiitana nkhomaliro, ndipo anena kuti ndibwere ndekha.