Zilembo Zinayi pa Matabwa a ku Baltimore

Buku laling'ono limene Frederick Douglass anasindikiza ku Boston mu 1845, lotchedwa Narrative of the Life of Frederick Douglass, an American Slave, ndaliwerenga kawiri, ndipo ulendo wachiwiriwu ndinakhalitsa pa tsamba la mutu, pomwe pali mawu onena kuti bukuli analemba ndi mwiniwake. Lero mawu otere angaoneke osafunikira, koma ku America wa nthawi imeneyo munthu wakuda wothawa ukapolo ankayenera kutsimikizira owerenga kuti dzanja lake limatha kugwira cholembera. Ngakhale anatero, azungu awiri odziwika polimbana ndi ukapolo, William Lloyd Garrison ndi Wendell Phillips, anayamba amuchitira umboni kumayambiriro kwa bukulo. Chikayiko chimenechi chinali chakale: pamene ndakatulo za Phillis Wheatley zinkasindikizidwa ku London mu 1773, akuluakulu 18 a mumzinda wa Boston anasainira kalata yotsimikiza kuti mtsikana wogulidwa kuchokera ku Africa uja ndiyedi anazilemba.

Douglass anabadwira m'dera la Talbot ku Maryland cha m'ma 1818, ndipo ali ndi zaka pafupifupi 8 anatumizidwa ku Baltimore kukatumikira banja la Hugh Auld. Mkazi wa Auld, Sophia, amene anali asanakhalepo ndi kapolo, anayamba kumuphunzitsa zilembo monga mmene mayi aliyense angachitire ndi mwana wa pakhomo. Mwamuna wake atazindikira, analetsa pomwepo, mwanayo akumva, nanena kuti kapolo wodziwa kuwerenga sakhalanso woyenera ukapolo, amasanduka wosalamulirika ndiponso wosakhutira. Chimene chimandigwira mtima pamenepa n'chakuti mbuyeyo sananame. Iye ndi amene anaululira mwanayo chinsinsi cha mphamvu za azungu pa akuda, ndipo Douglass akuvomereza kuti chiletso cha Hugh chinamupindulira pafupifupi mofanana ndi chifundo cha Sophia.

Mantha a Auld analinso m'malamulo. Akapolo ataukira pa mtsinje wa Stono mu 1739, South Carolina inakhazikitsa lamulo mu 1740 lolipiritsa mapaundi 100 aliyense wophunzitsa kapolo kulemba. David Walker atafalitsa kabuku kake kodzutsa anthu akuda mu 1829, komanso Nat Turner, yemwe ankawerenga Baibulo, atatsogolera kuukira ku Virginia mu 1831, madera ena a kum'mwera anakhwimitsa malamulo otere. Chifukwa chake sichovuta kuchimvetsa tikakumbukira kuti ukapolo unkayenda ndi mapepala. Munthu ankagulitsidwa ndi kalata, ankalembedwa m'kaundula wa chuma cha masiye pamodzi ndi ng'ombe, ndipo akafuna kutuluka pamunda ankayenera kunyamula chiphaso chosainidwa ndi mbuye wake. Kapolo wodziwa kulemba akanatha kudzilembera yekha chiphasocho.

Mmene mwanayo anapitirizira maphunziro ake ndi gawo limene ndimabwererako kawirikawiri. Akatumidwa, ankathamanga kuti apeze mpata, atanyamula buledi wa m'nyumba ya Auld, n'kumapatsa ana achizungu osauka a mumsewu kuti amuwerengetse. Kulemba anakuphunzirira pamalo okhomera zombo. Ankayang'anitsitsa akalipentala, amene akamaliza kusema thabwa ankalilemba chilembo chosonyeza pomwe likakhomedwe: L kumanzere kwa chombo, S kumanja, F kutsogolo, A kumbuyo. Atazigwira zilembo zinayizi, ankaputa dala mnyamata aliyense wodziwa kulemba pomuuza kuti nayenso amatha, ndipo winayo pofuna kumugonjetsa ankalemba zilembo zina, osadziwa kuti akuphunzitsa. Mpanda wamatabwa, khoma lanjerwa ndi miyala ya mumsewu ndizo zinali kope lake, choko ndiye cholembera. Pambuyo pake, Sophia akapita ku mapemphero Lolemba masana, iye ankatsala akukopera m'mipata ya makope akale a Thomas, mwana wa pakhomopo, mpaka kalembedwe kawo kanafanana.

Ambiri pofotokoza nkhaniyi amalekezera apa, ngati kuti zilembo zinangomutsegulira chitseko basi. Douglass mwiniwake sakunena choncho. Ali ndi zaka pafupifupi 12 anapeza buku la The Columbian Orator, momwe munali zokambirana za kapolo ndi mbuye wake, kapoloyo n'kugonjetsa mbuyeyo ndi mfundo mpaka kumasulidwa. Kuwerengako kunamuonetsa dzenje limene analimo popanda kumupatsa makwerero otulukira. Akulemba kuti nthawi zina ankasirira akapolo anzake osadziwa kuwerenga, ankalakalaka akanakhala nyama, ndipo ankaganiza zodzipha. Ndimalemekeza kwambiri kuona mtima kumeneku, chifukwa bukuli linalembedwa kuti likope anthu, ndipo chikanakhala chapafupi kubisa ululu umene nzeru zinabwera nawo.

Mu 1836, akugwira ntchito pamunda wa William Freeland, komwe ankaphunzitsa mobisa akapolo oposa 40 tsiku la Sabata, anapangana ndi anzake anayi zothawa pa bwato kudzera pa nyanja ya Chesapeake. Anawalembera onse ziphaso zabodza zonena kuti aloledwa kukachita Pasaka ku Baltimore. Wina anaulula chiwembucho. Ogwira atafika, mnzake Henry anakana kumangidwa, ndipo m'chipwirikiticho Douglass anaponya chiphaso chake pamoto. Akuwakokera kundende ya ku Easton atawamangirira ku akavalo, Henry anafunsa chochita ndi chiphaso chake, ndipo Douglass anamuuza kuti achidye pamodzi ndi bisiketi yake, asavomere kanthu. Pepala lomwe linayenera kuwapulumutsa linasanduka umboni woti ukanawapachika, mpaka analitafuna n'kulimeza. Pamene anathawadi pa 3 Seputembala 1838, anakwera sitima ya pamtunda atavala ngati mmalinyero, atanyamula chikalata chobwereka kwa mmalinyero wakuda yemwe anali mfulu, ndipo ndalama za ulendowo anathandizidwa ndi Anna Murray, amene anadzakhala mkazi wake. Njira imeneyi sanaiulule m'buku la 1845 kuopa kutsekera ena.

Harriet Jacobs wa ku Edenton ku North Carolina anamenya nkhondo yomweyi mwa njira yake. Pothawa mbuye amene ankamuvutitsa kuti agone naye, anabisala zaka pafupifupi 7 m'kampata ka kudenga kwa nyumba ya agogo ake, momwe sankatha n'kuimirira komwe. Ali mmenemo ankalemba makalata n'kuwatumiza kuti akaponyedwe kuchokera kumpoto, kuti mbuyeyo akhulupirire kuti anafika kale ku New York. Buku lake linatuluka mu 1861 m'dzina lobisika la Linda Brent, ndipo kwa zaka zoposa 100 akatswiri ambiri ankaliyesa nthano yopekedwa ndi mzungu, kufikira Jean Fagan Yellin atapeza umboni m'makalata a Jacobs mwiniwake.

Pali chinthu china chimene mabuku amenewa angatiiwalitse, ndipo sindifuna kuchidumpha. Mwa akapolo pafupifupi 4 miliyoni amene analipo mu 1860, odziwa kuwerenga anali ochepa kwambiri. Harriet Tubman, amene anabwerera ku Maryland mobwerezabwereza kukatulutsa abale ndi anansi, sankadziwa kulemba, chimodzimodzinso Sojourner Truth. Ufulu ankaufuna asanaone chilembo ndi chimodzi chomwe, ndipo Douglass akuchitira umboni zimenezi pofotokoza nyimbo zachisoni zimene akapolo ankaimba m'nkhalango popita ku nyumba yaikulu ya pamunda. Chimene kulemba kunachita ndi kufikitsa kulirako kwa anthu akutali, dzina la mboni ndi mayina a ozunza zili pomwepo.

Kutchula mayinako kunaika moyo wa Douglass pachiswe, popeza pamalamulo anali adakali katundu wa banja la Auld. Anawolokera ku Ireland ndi ku Britain, ndipo mu 1846 abwenzi ake akumeneko anasonkha mapaundi 150 kuti amuwombole. Thomas Auld, amene anali mwini wake pamalamulo, anayamba wamugulitsa kwa mbale wake Hugh pa madola 100, kenako Hugh, yemwe uja analetsa mkazi wake kumuphunzitsa zilembo, anasainira kalata yomumasula. Douglass anatenga makalata awiriwo n'kuwasindikiza mawu ndi mawu m'buku lake lachiwiri, My Bondage and My Freedom, mu 1855.