Chiwindi cha khandali chili ndi masiku angati?

Masabata atatu apitawo aphunzitsi athu a phunziro la kayendedwe ka mankhwala m'thupi anatipatsa funso looneka lophweka. Anatiuza mlingo wa mankhwala ena umene amapatsa munthu wamkulu wolemera makilogalamu 70, ndipo anati tipeze mlingo woyenera khanda la masiku anayi lolemera makilogalamu atatu ndi theka. Ine ndinagawa mlingowo ndi 20, ndinalemba yankho, n'kupereka pepala mtima uli m'malo. Pepalalo litabwerako ndinapeza kuti sanachonge ndiponso sanathethe, koma analemba m'mbali ndi cholembera chofiira kuti, "Chiwindi cha khandali chili ndi masiku angati?" Funso limenelo ndi limene landikhazika pansi kuwerenga za anthu amene anathera zaka zawo zonse za ntchito akufufuza mmene mankhwala amagwirira ntchito m'thupi la mwana.

Choyamba chimene ndinapeza chinandiziziritsa nkhongono, chifukwa masamu anga aja anaphapo ana enieni. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, zipatala za ku America zinkapatsa makanda obadwa masiku asanakwane mankhwala a chloramphenicol pofuna kuwateteza ku tizilombo toyambitsa matenda. Patapita masiku ochepa makanda ena ankakana kuyamwa, ankasanza, mimba inkafufuma, khungu linkatuwa ngati phulusa, ndipo ambiri ankamwalira. Malipoti a mu 1959 anasonyeza kuti wakupha anali mankhwala omwewo. Chiwindi cha munthu wamkulu chimasintha chloramphenicol kuti impso zithe kumutaya mu mkodzo, koma mwa khanda ma enzyme, tinthu ta m'chiwindi togwira ntchito imeneyo, amakhala asanakhwime, nazonso impso zimakhala zikusefa pang'onopang'ono, motero jakisoni aliyense ankangounjikana pamwamba pa mnzake mpaka mtima kulephera. Zaka zitatu izi zisanachitike, mu 1956, William Silverman wa ku New York anali atasonyeza kuti mankhwala ena, a sulfisoxazole, ankawononga ubongo wa makanda. Pambuyo pake kunadziwika kuti mankhwalawo amalanda malo a bilirubin, chinthu chimene chimayambitsa chikasu, pa mapuloteni a m'magazi, ndipo bilirubin womasukayo amalowa mu ubongo. Silverman anaona ngoziyo chifukwa chakuti anayerekeza magulu awiri a makanda mwadongosolo. Akanapanda kutero, imfa zimenezo zikanapitiriza kuwerengedwa ngati tsoka la ana obadwa ofooka.

Munthu angaganize kuti zoterezi zitadziwika, aliyense anathamangira kufufuza mankhwala a ana, koma sizinatero. Mankhwala a thalidomide, amene ankamwa amayi oyembekezera, atalumalitsa makanda masauzande ambiri m'mayiko osiyanasiyana, dziko la America linakhwimitsa lamulo mu 1962 kuti mankhwala aziyesedwa mokwanira asanayambe kugulitsidwa. Makampani ambiri anaona kuti njira yachidule ndi kuyesa pa akuluakulu okha, kenako n'kulemba pa pepala la m'bokosi kuti mankhwalawo sanayesedwe pa ana. Komatu ana sanasiye kudwala. Madokotala anapitiriza kuphwanya mapiritsi a akuluakulu ndi kuyerekeza mlingo m'mutu, ndipo mu 1968 dokotala wa ana Harry Shirkey analemba kuti ana asanduka amasiye pa nkhani ya mankhwala. Apa ndi pamene maganizo anga anatembenuka. Kale ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti kusalowetsa ana m'kafukufuku ndiko kuwateteza, koma tsopano ndikuona kuti mwana wopatsidwa mankhwala amene sanafufuzidwe amakhala akuyesedwabe, kungoti palibe amene akulemba zotsatira zake kuti mwana wa mawa apindule.

Mwa ofufuza onse amene ndawerenga, amene wandikhalira kwambiri m'maganizo ndi Sumner Yaffe, dokotala wa ana wa ku America yemwe anamwalira mu 2011, amene ambiri amamutcha tate wa phunziro la mankhwala a ana. Anagwira ntchito ku Buffalo ndi ku Philadelphia, kenako anapita ku NICHD, nthambi ya boma yofufuza za umoyo wa ana, kumene anatsogolera kukhazikitsidwa kwa mgwirizano wa zipatala zofufuza mankhwala a ana mu 1994. Mgwirizanowo unali wofunika chifukwa chipatala chimodzi sichingapeze ana okwanira a msinkhu umodzi ndi matenda amodzi. Ndikaika zaka pamzere ndimadabwa nako kuleza mtima kumene ntchitoyi imafuna. Lamulo loyamba lokopa makampani a ku America kuti ayese mankhwala pa ana, powapatsa miyezi isanu ndi umodzi yowonjezera yogulitsa popanda opikisana nawo, linabwera mu 1997. Lokakamiza linabwera mu 2003, la mayiko a European Union linayamba kugwira ntchito mu 2007, ndipo chaka chomwecho bungwe la WHO linatulutsa mndandanda wake woyamba wa mankhwala ofunikira a ana. Kuchokera pa makanda otuwa aja kufika pa lamulo la 1997 panadutsa zaka 38, kutanthauza kuti munthu amene anayamba ntchitoyi ali mnyamata anaona zipatso zake imvi zili mbuu.

Ntchito yeniyeni ya tsiku ndi tsiku ilibe chikoka chimene ndinkachiyembekezera. Khanda la makilogalamu atatu lili ndi magazi okwana pafupifupi kapu imodzi, ndipo lobadwa ndi kilogalamu imodzi lili ndi pafupifupi mamililita 90 okha, choncho wofufuza sangatape magazi kakhumi monga amachitira ndi wamkulu. Amatenga kawiri kapena katatu kwa mwana aliyense, pa nthawi zosiyanasiyana, mwina madontho ochepa a pachidendene amene amaumitsa pa kapepala, mwinanso otsala pa magazi amene anatengedwa kale kukayezedwa ku labotale. Kenako amaphatikiza manambala a ana ambiri pa kompyuta kuti aone mmene mankhwala amakwerera ndi kutsikira m'magazi. Ngati namwino walemba kuti magazi anatengedwa 10 koloko pamene anatengedwa 10:40, masamu onse amapotoka. Ndipo dontho loyamba lisanatengedwe, pamakhala kukambirana ndi kholo limene lili ndi nkhawa, kulifotokozera mosabisa kuti mwina mwana wawo sapindula mwachindunji, komanso kupempha chilolezo kwa mwana mwiniyo ngati wafika pozindikira. Gawo limeneli ndimaliona lolemera kuposa masamu onse.

Chinanso chimene chinandisokoneza n'chakuti yankho silikhala lochepetsa nthawi zonse. Mankhwala a caffeine, amene amapatsa makanda obadwa masiku asanakwane kuti asamaiwale kupuma, amatenga masiku angapo kuti theka lake lichoke m'thupi la khanda, pamene mwa wamkulu ndi maola pafupifupi asanu. Koma mwana wa zaka ziwiri kapena zitatu amataya mankhwala ambiri mofulumira kuposa wamkulu tikawerengera pa kilogalamu, ndipo ukamupatsa mlingo wongogawa amalandira wosakwanira. N'chifukwa chake mu 2010 WHO inakweza milingo ya mankhwala a chifuwa chachikulu kwa ana, isoniazid kufika pa mamiligalamu 10 pa kilogalamu, ndipo mu 2015 inalangiza kuti mwana wosakwana makilogalamu 20 wodwala malungo aakulu azilandira artesunate wa mamiligalamu 3 pa kilogalamu m'malo mwa 2.4. Kusintha kwa kanambala kamodzi koteroko kunachokera pa zaka zambiri za anthu oyeza magazi a ana odwala.

Funso lija ndaliyankhanso ndipo ndapereka dzulo. Ulendo uno sindinalembe nambala poyamba. Ndinayamba ndi kufunsa kuti khandalo linabadwa mimba ili ndi masabata angati, likukodza bwanji, lili ndi chikasu kapena ayi, ndiponso ngati mankhwalawo amachoka kudzera m'chiwindi kapena mu impso. Teremu ikubwerayi ndalembetsa phunziro la masamu a kafukufuku limene ndinkalizemba, chifukwa ndikufuna kudziwa mmene madontho atatu a magazi a mwana mmodzi amasandukira mlingo wolembedwa pa botolo.