Kudzutsa wailesi ya makaseti: pomwe ntchito yafika

Wailesi yomwe ili patebulo pano ndi ya makaseti awiri, ya m'ma 1980, mtundu uja amadala obwerera kuchokera ku Joni ankatsika nawo basi atanyamula m'manja poopa kuti ungasweke pakaliyala. Kwathu ku Malawi wailesi ya kanema ya TVM inayamba mu 1999, ndiye zaka zonsezo mfumu ya pabalaza inali wailesi, itakhazikidwa pamwamba pa displeyi, itafundidwa kansalu koluka. Kuno ku Johannesburg zimapezekabe m'mashopu a katundu wakale. Wogulitsa amangoti "imayaka". Abale, kuyaka ndi kuyimba n'zosiyana, ndipo musayerekeze kuyesera kaseti ya Paul Banda kapena Allan Namoko imene mulibe ina. Yeserani kaseti yopanda ntchito.

Mbali ya wailesi inkagwira kale, FM ikumveka bwino. Ku makaseti mota inkalira koma tepi osayenda. Nthawi zambiri apa vuto silikhala mota ayi, ndi malamba alabala amene amalumikiza mota ndi magudumu. Musanatsegule, zulani chingwe pakhoma, chifukwa mkatimo muli magetsi a 230V, ndipo jambulani ndi foni momwe malamba adutsira musanakhudze chilichonse.

Lamba wamkulu anali atasungunuka, wasanduka phula lakuda lomata pamagudumu. Phulali limachoka ndi thonje loviika mu spiriti wotsukira wopanda utoto wotchedwa isopropyl, ndipo pafunika kupirira, chifukwa kakang'ono kotsalira mumpata wa gudumu la mota kamachititsa nyimbo kunjenjemera. Spiriti wapepo uja wa m'mashopu musagwiritse ntchito, utoto wake umatsalira. Poyeza lamba watsopano, zungulizani ulusi momwe wakale ankadutsa, yezani utali wake, kenaka chotsanipo pafupifupi 5 peresenti kuti agwire. Wothina kwambiri amalemetsa mota ndi kudya mabushi, wolobodoka amaterereka. Onaninso mtundu: wina ndi wophwatalala, wina ndi wa ngodya zinayi, kawirikawiri wa 1 mm kapena 1.2 mm. Labala womangira ndalama amazungulitsa ndithu, koma amatamuka mosalingana, ndiye mawu amakwera n'kutsika, ndipo sakhalitsa.

Kudya tepi kuli ndi magwero awiri. Loyamba ndi kagudumu kalabala kamene kamapanikiza tepi pa kachitsulo kozungulira. Kakauma n'kuyamba kunyezimira, tepi imatsetserekera m'mbali n'kukwinyika. Lachiwiri ndi mbali yokulunga tepi: ikaima pomwe kachitsulo kakukokabe, tepi imaunjikana mkati mpaka kuzengerera pa kagudumuko. Pa dekki (mbali yolowetsa kaseti) yakumanzere kupukuta kunakwana. Yakumanja kagudumu kake kang'aluka, kakudikira kena.

Hedi, kachitsulo kamene kamawerenga mawu pa tepi, inali ndi utoto wofiirira wochokera ku matepi akale. Ikapukutidwa koma mawu n'kumamvekabe ngati woimba watsekeredwa m'chipinda china, ndiye kuti yapendekeka. Pambali pake pali sikuluu yokhala ndi sipuling'i. Ikani kaseti yojambulidwa kufakitale, tembenuzani pang'onopang'ono uku mukumvetsera, ndipo imani pomwe mawu opyapyala, monga a zinganga za ng'oma, amveka kwambiri. Dontho la kyuteksi limaigwira kuti isasunthenso. Chodabwitsa n'chakuti makaseti ambiri ojambulitsa pamsika kwathu anajambulidwa pa makina opendekeka kale, choncho ena amamveka bwino pokhapokha mwaikhotetsanso hediyo. Pamenepo palibe cholakwika ndi wailesi.

Tepi imayenera kuyenda masentimita 4.76 pa sekondi. Lamba watsopano atalowa, liwiro linakwera pang'ono. Kumbuyo kwa mota zambiri kuli kabowo kolowetsa sikuludiraiva yaing'ono yosinthira liwiro. Ngati mulibe tepi yoyesera, imbani nyimbo yomweyo pafoni ndi pawailesi nthawi imodzi. Imodzi ikamathawa inzake, sinthani mpaka zifike limodzi kumapeto.

Sipika imodzi inkazima n'kuyakanso. Ambiri amathamangira kugula sipika, pomwe wolakwa ndi swichi yaitali ya pabolodi imene imasuntha mukadina batani lojambulira. Imachita dzimbiri chifukwa chokhala zaka osadinidwa. Poperani mankhwala otsukira maswichi, iyendetseni kangapo, basi. Chokwezera mawu chikamakhetekheta, mankhwala ake ndi omwewo. Malo a mabatire munali zoyera zouma za mabatire a alkaline. Viniga pang'ono pa mswachi wakale amazisungunula, kenaka umitsani bwino.

Tsopano makaseti enieniwo. Ambiri amene afika kuno m'zikwama ndi a m'ma 1990, nthawi imene nyimbo za ku Balaka zinadzaza m'mabasi ndi m'mabala, Lucius Banda atatulutsa Son of a Poor Man mu 1994, osakaniza ndi a Lucky Dube ndi Brenda Fassie. Musanaimbe iliyonse, thyolani timano tiwiri ta pamwamba kuti isafufutike mwangozi. Suzumirani pakati pomwe tepi imakhudza hedi: payenera kukhala kathonje kakang'ono pa kachitsulo. Kakagwa, mawu amachepa ngati akuchokera kutali, ndipo kadontho ka guluu kamakabwezera. Zungulizani ndi bolopeni ya Bic, monga tinkachitira populumutsa mabatire, kuti mumve ngati tepi ikulimba. Ikalimba, kaseti ya masikuluu asanu imatseguka mosavuta. Yomata muyenera kuing'amba mosamala m'mphepete n'kusamutsira tepi m'chikombole china. Tepi yoduka musalumikize ndi selotepi, chifukwa guluu wake amatuluka n'kumata mizere yoyandikana. Yankhungu ikhale payokha, ingaipitse hedi.

Gawo lotsatira ndi kusamutsira nyimbo mu kompyuta: chingwe kuchoka potulukira mawu kupita polowera mawu, pulogalamu yojambulira mawu ya Audacity yoikidwa pa 44.1 kHz, kusunga ngati fayilo ya WAV, ndipo mawu asapitirire -6 dB pa mita ya pulogalamuyo kuti asasweke. Kaseti ya C60 imatenga mphindi 30 mbali imodzi, C90 mphindi 45, ndipo palibe chidule. Onani kaye ndondomeko ya kuthima kwa magetsi ngati kulipo, kapena ikani mabatire atsopano. Amene muli ndi dekki yakufa yomwe kagudumu kake kali bwino, musaitaye, tiuzane.