Daku inkatidzutsa, nanga Tahajjud ikutikanika bwanji?

Ramadhan ikangotha mizikiti imaphwa anthu, izi tonse timazidziwa, koma ine chomwe chimandidabwitsa kwambiri ndi nkhani ya usiku. Mwezi wonse tinkadzuka 3 koloko kudya daku popanda wotikakamiza, ena alamu isanalire n'komwe ali kale ku khitchini, ndiye Eid ikangodutsa thupi lomwe lija likuti ayi ine kudzuka usiku sindingathe. Eti mpunga unkatidzutsa koma Allah ayi?

Swala ya usiku, imene timaitcha Tahajjud, si ya Ramadhan yokha abale. Ndipo poyamba penipeni ku Makka, swala zisanu za tsiku ndi tsiku zija zisanalamulidwe, imeneyi inali faradhi, kutanthauza yokakamizidwa. Surah Al-Muzzammil, sura 73, ikumuuza Mtumiki Muhammad (SAW) kuti adzuke aimirire usiku, theka lake kaya kuchepetsako pang'ono kaya kuonjezera, chifukwa akubwera mawu olemera omwe ayenera kuwasenza. Mayi Aisha (RA), mkazi wa Mtumiki, adafotokoza kuti Mtumiki ndi maswahaba (omutsatira a nthawi yake) adaswali choncho chaka chathunthu, ndime yomaliza ya surayo yomwe idapeputsa lamuloli idatsika patatha miyezi 12, ndi pomwe idasanduka yodzifunira. Taganizani, anthu oti akuzunzidwa, ochepa, opanda mphamvu, chomwe adapatsidwa choyamba kuti alimbe mtima ndi kudzuka usiku basi.

Kwa ine phindu lake lalikulu lili apa: palibe amakuona. Lachisanu umavala kanzu yosita, umadzipopera mafuta onunkhira, anthu amakuona pa mzere woyamba. Ngakhale pa Fajr (swala ya m'bandakucha) ya ku mzikiti shehe amadziwa kuti uje wabwera uje sanabwere. Koma 2 koloko usiku, mwezi wa June kukuzizira, madzi a wudhu (kudziyeretsa usanaswali) akuluma zala, ana ali m'tulo, neba sakudziwa kanthu, ukudzukiranji ngati si chifukwa cha Allah yekha? Pamenepo mtima sunganame ayi. Surah As-Sajdah ndime 16 ikunena za anthu omwe nthiti zawo zimatalikirana ndi pogona akupempha Mbuye wawo mwamantha ndi mwachiyembekezo, ndipo ndime yotsatira ikuti palibe akudziwa zosangalatsa zomwe abisiridwa. Adabisa ntchito yawo, malipiro nawo Allah adawabisira. N'chifukwa chake ine zoika pa status ya WhatsApp kuti "Tahajjud time" zija sizimandisangalatsa kwenikweni, koma poti mitima amaidziwa ndi Allah tingozisiya.

Hadith (mawu a Mtumiki) yomwe ambiri timaidziwa ndi ya Abu Hurairah (RA), ili m'mabuku a Bukhari ndi Muslim momwe, yoti usiku ukatsala gawo lachitatu lomaliza Allah amatsikira ku thambo loyandikira n'kumafunsa kuti ndani akundipempha ndimuyankhe, ndani akufuna kanthu ndimupatse, ndani akupempha chikhululuko ndimukhululukire. Usiku uliwonse, osati wa 27 wa Ramadhan wokha ayi. Ife timatha kukhala pa benchi m'mawa wonse kudikira bwana wina kuti atimvere dandaulo lathu, pomwe kuno Mwini zonse ndi amene akuitana yekha ife tili lizilizi mkonono.

Kuwerengera nthawi yake n'kosavuta. Usiku umayambira pa Maghrib, dzuwa likalowa, kulekeza pa Fajr. Tinene Maghrib yalowa 6 koloko ndipo Fajr ndi 4:30, amenewo ndi maola 10 ndi theka, ukagawa patatu gawo lililonse ndi maola atatu ndi theka, ndiye lomalizalo likuyamba 1 koloko. Kutanthauza kuti ngakhale utadzuka 4 koloko uli momwemo ndithu, mphindi 30 zokha n'zokwanira wudhu, marakaa (zigawo za swala) awiri, witr (swala yotsekera usiku) ndi duwa yako.

Kaswalidwe kake ndi marakaa awiriawiri kenako witr kumapeto. Mtumiki sankapitirira marakaa 11, m'Ramadhan ngakhale miyezi ina, kungoti iye ankatalikitsa mpaka mapazi kutupa, ndipo Mayi Aisha atamufunsa kuti mukudzivutitsiranji poti mudakhululukidwa kale, adayankha kuti kodi ndisakhale kapolo wothokoza? Yankho limeneli limandigwira mtima, chifukwa ambirife timakumbuka Tahajjud zikatithina, ngongole, matenda, mayeso, visa, banja lagwedezeka. Sikulakwa, pemphani ndithu. Koma iye ankadzuka kudzathokoza.

Kulemera kwa thupi kuja nakonso kudanenedwa kale. Shaytwan amamanga mfundo zitatu pa nkhongo ya munthu akagona, n'kumamuuza kuti usiku ukadali wautali gona. Ukadzuka n'kumutchula Allah imodzi yamasuka, ukachita wudhu yachiwiri, ukaswali zonse zamasuka ndipo kumakuchera uli wopepuka. Ndiye musadabwe kuti povuta penipeni ndi pakati pa bulangete ndi ndowa ya madzi. Ngakhale ndinenenso kuti zina timamunamizira Shaytwan, munthu wagona 12 koloko akuonera mpira wa ku Ulaya kaya TikTok mpaka bundle kutha, adzuka bwanji?

Apabanja muli ndi mwayi. Mtumiki adampemphera chifundo mwamuna yemwe amadzuka kuswali n'kudzutsa mkazi wake, akakana n'kumuwaza timadzi kumaso, chimodzimodzinso mkazi kwa mwamuna wake. Timadzi tu, osati kapu yonse, mungayambanepo.

Koma osachita mopupuluma. Abdullah ibn Amr (RA) adachenjezedwa ndi Mtumiki kuti asakhale ngati uje yemwe ankadzuka usiku kenako adasiya, ndipo ngati tulo takukulira uli pa swala tidauzidwa kuti ugone kaye, kuopa kuti pofuna kupempha chikhululuko ungamadzitemberere wekha osadziwa. Chachikulu china, Fajr isakuphonyeni chifukwa cha Tahajjud. Umar (RA) tsiku lina sanamuone Sulayman ibn Abi Hathma pa Fajr, atafunsa amayi ake a Sulayman adamuuza kuti wachezera kuswali ndiye tulo tidamugonjetsa. Umar adati kwa iye kupezeka pa Fajr ya pagulu n'kwabwino kuposa kuimirira usiku wonse.