Zikomo abale, mayi abwerera kunyumba

Mayi atuluka ku Queens abale anga, pano ali kunyumba ku Chinamwali ndipo dzulo adya nsima yofewa ndi chisoso okha popanda owagwirira mbale. Mulungu ndi wabwino.

Ambiri mumangomva kuti mayi akudwala m'mimba, ena kumati ndi ma ulcer. Sikani ya CT ndi imene inaonetsa kuti pa kapamba (pancreas) pali chotupa. Adokotala anatikhazika pansi nkutiuza kuti si khansa ya kapamba yodziwika ija ayi, ichi chimakhala ngati kathumba kodzadza ndi madzi onanda, amati mucinous cystic neoplasm, sichipezekapezeka ndipo chimakonda azimayi a zaka za m'ma 40 ndi 50, makamaka kumchira kwa kapamba. Chimakula mwakachetechete, munthu kumangokhuta msanga, kumva kuwawa pamwamba pa mimba mpaka kumsana basi. China chimadzasanduka khansa. Cha mayi chinali chitasanduka kale koma chisanafalikire, nde anachita opareshoni kudula mchira wa kapambawo nkuchotsanso spleen, kachiwalo kena kothandiza thupi kulimbana ndi matenda.

Madokotala ndi manesi a ku Zomba Central amene munatitumiza ku Blantyre mwachangu, ndi inu a ku Queens amene munaima maola onse aja mu theatre, ndilibe mawu. Anesi a usiku aja amene mumawatembenuza mayi nkumawaseketsa chubu chili pamimba, Ambuye akudalitseni kwambiri.

Amayi a Mvano zikomo, munasinthana kugona ku chipatala pa guardian ine ndili ku ntchito, mphasa ndi mbaula zanu zomwe. Anyamata a kabaza pa siteji amene munakapereka magazi ngakhale mayi simuwadziwa nkomwe, munandiliza inu. Anzanga a pa gulu la WhatsApp, ndalama zonse za pa Airtel Money ndi Mpamba zinafika, zinalipira sikani, thiransipoti ndi mankhwala. Amalume, galimoto yanu ija inatithandiza kwabasi.

Ulendo sunathe. Poti spleen kulibe, malungo kwa mayi ndi oopsa kwambiri tsopano, neti usiku uliwonse ndipo thupi likangotentha ndi kuthamangira ku chipatala. Shuga tiziyezanso pafupipafupi chifukwa insulin, amene amachepetsa shuga m'magazi, amapangidwa ndi kapamba yemweyo, ndipo adzapitanso ku sikani kukaona ngati sichikubwerera. Musasiye kuwapempherera.

Ofuna kudzawaona bwerani masana, koma amene muli ndi chimfine kapena chifuwa chonde dikirani kaye muchire, imbani foni adzakuyankhani.