Tabwerako ku Yukon zala zonse zilipo: zikomo nonse

Abale, alongo ndi anzathu nonse, tabwerako. Mwa anzathu awiri amene ananyamuka ku Whitehorse pa mpikisano wa Yukon Arctic Ultra wa mamailosi 300, mmodzi anafika kumapeto ku Pelly Crossing nthawi isanathe, winayo achipatala anamuimitsa ku Carmacks chifukwa chala chake chachikulu cha kuphazi chinayamba kuuma ndi chisanu. Onse awiri ali pakhomo tsopano, zala za m'manja ndi za kumapazi zonse zilipo. Ife amene tinkawakonzekeretsa ndi kuwadikira m'malo ofikika ndi galimoto tikufuna kuthokoza, ndipo titchula zimene aliyense anachita, chifukwa zikomo wachisawawa sangakwane pa ntchito imene tinaiona ndi maso.

Kwa inu amene simuudziwa, mpikisanowu unayamba mu 2003, umachitika kumayambiriro kwa February kumpoto chakumadzulo kwa Canada, ndipo njira imene anzathuwa anadutsa inali ya mpikisano wa agalu okoka ngolo wa Yukon Quest. Munthu amasankha kuyenda wapansi, pa ski (timatabwa totsetsereka nato pa chipale chofewa) kapena pa njinga ya matayala onenepa. Mamailosi 300 ndi makilomita pafupifupi 480, amene ankayenera kutha m'masiku 8. Woyenda wapansi amamangirira m'chiuno kangolo kopanda mawilo kotchedwa pulk, mmene mumakhala zogonera, sitovu, mafuta, chakudya ndi zovala, zonse pamodzi makilogalamu oposa 20. Firiji youmitsira nyama imakhala pa madigiri 18 pansi pa ziro, pamene usiku wa kumeneko umafika 40 pansi pa ziro, mwinanso kupitirira. Dzuwa limaoneka maola pafupifupi 8 okha. Maola ena onsewo munthu amadalira tochi ya pamphumi.

Tiyambe ndi inu olambula njira, komanso inu oyendera othamanga pa snowmobile (kagalimoto koyenda pa chipale chofewa) usana ndi usiku. Chipale chofewa chikagwa chatsopano, phazi limamira mpaka m'bondo ndipo pulk imakhala ngati yadzazidwa miyala. Mukadutsapo inu chipalecho chimatsendereka, usiku n'kulimba, munthu n'kumayenda makilomita anayi kapena asanu pa ola. Timitengo tonyezimira timene munazika m'njira ndi timene timaongolera munthu pakati pa nyanja youndana ndi chisanu, pomwe kulibe mtengo kapena phiri loti n'kuzindikirira kumene ukulowera.

Chachikulu kwambiri, munawachenjeza za overflow. Ayisi wa pamtsinje akamakhuthala, madzi a pansi pake amapanikizika n'kutulukira m'ming'alu, kenako amayenderera pamwamba pa ayisiyo koma pansi pa chipale. Chipalecho chimawafunditsa ngati bulangete, motero sauma msanga ngakhale kunja kukuzizira koopsa. Ukayang'ana umangoona poyera bwinobwino, kupatula kuti penapake pamatuwa pang'ono kapena pamafuka kanthunzi. Wopondapo amanyowa mpaka m'katumba, ndipo nsapato imauma gwa m'mphindi zochepa, zingwe zake osamasukanso. Chifukwa munanena malo ake, anzathu ankaima asanafike, n'kuvala majombo opepuka osalowa madzi pamwamba pa nsapato, n'kuwoloka akugogoda kutsogolo ndi ndodo. Zikomo kwambiri.

Tsopano kwa achipatala a m'malo opumira. Inu ndi amene mitima yathu yakuthokozani koposa, makamaka amene munanena kuti mnzathu asapitirire. Tikudziwa kuti si chapafupi kumuuza munthu amene wakonzekera chaka chathunthu kuti ulendo wathera pomwepa, mwini wake akuumirira kuti sakumva kuwawa kulikonse. Komatu kusamva kuwawako ndiye vuto lenilenilo. Chala chikamazizira chimayamba ndi kuwawa ndi kulasalasa. Chikasiya kuwawa, n'kuyera ngati kandulo, n'kulimba ukachikhudza, ndiye kuti madzi a m'minofu ayamba kuundana ndipo timitsempha ta magazi tatsekeka. Munthu wotopa amasangalala kuti phazi lasiya kumuvutitsa, pamene likuwonongeka. N'chifukwa chake mumavula aliyense sokosi n'kuona chala chilichonse ndi tochi, afune asafune.

Tinaona mmene munachitira, ndipo tikulemba kuti ena aphunzirepo. Simunachitikite chalacho, simunachipake chipale monga ena amanenera, ndiponso simunachiyandikize ku moto, poti khungu lopanda mphamvu ya kumva limapsa mwini wake osadziwa. Munachiviika m'madzi ofunda a madigiri 37 mpaka 39, mukuwayeza ndi kuwonjezera ena akamazirala, kwa pafupifupi theka la ola mpaka chinafewa n'kufiira. Kenako munachikulunga mosathina n'kuletsa kuti asachiponderenso. Chifukwa chimene simunamulole kubwerera m'njira munachifotokoza momveka: chala chosungunulidwa chikaumanso kachiwiri chimawonongeka kuposa poyamba, ndipo apo ndi pamene anthu amadulidwa. Kuchokera ku Carmacks kupita ku Whitehorse ndi makilomita pafupifupi 175 pa Klondike Highway, ndipo tikuthokoza amene munamutenga pa galimoto yanu usiku womwewo. Madokotala ndi anamwino a ku Whitehorse General Hospital, amene amadziwika ndi kuchiza kuuma kwa ziwalo ndi mankhwala otsegula mitsempha a iloprost, anamulandira mwachangu, ndipo pa matenda amenewa ola lililonse ndi lofunika.

Akuluakulu anati lungalunga n'kobadwa, chilema chichita kudza. Mu 2018, pa mpikisano womwewu, kunazizira mpaka cha m'ma 50 pansi pa ziro. Wothamanga wina wa ku Italy anadulidwa miyendo yonse iwiri kumunsi kwa mawondo pamodzi ndi dzanja, ndipo amene anamaliza mamailosi 300 chaka chimenecho anali mmodzi yekha, Jethro de Decker wa ku South Africa. Aliyense amene amadziwa zimenezi sangakwiyire namwino womuimitsa.

Aphunzitsi amene munawatengera kutchire masiku angapo mpikisano usanayambe, zimene munawaphunzitsa zinagwira ntchito usiku uliwonse. Munalimbikira pa thukuta, ndipo munalondola. Mdani wamkulu kumeneko ndi chinyezi chochokera m'thupi la munthu mwini. Wokoka pulk pachitunda amatentha, malaya amkati n'kunyowa, ndiye akangoima kapena mphepo ikawomba, chinyezicho chimamuchotsa kutentha mofulumira. Lamulo lanu linali lakuti anyamuke akumva kachisanu pang'ono, atsegule zipi asanayambe kukwera, ndipo jekete lalikulu la nthenga alivale pokhapokha akaima, n'kulivula asananyamukenso. Chovala cha thonje chisapezeke pathupi, chifukwa chimamwa madzi n'kuwasunga. Kumapazi, sokosi yopyapyala, kenako kathumba kosalowa madzi, pamwamba pake sokosi yokhuthala ya ubweya wa nkhosa, kuti thukuta lisafike mu nsapato n'kuundana momwemo. Njira imeneyi ili ndi mtengo wake: phazi limakhala lonyowa m'kathumbamo, choncho pogona paliponse liyenera kutulutsidwa, kupukutidwa ndi kuumitsidwa, apo ayi khungu limafewa n'kutuluka matuza.

Za sitovu munawabwerezetsa mpaka anatha kuyatsa atavala magolovesi. Masitovu a gasi wa m'zitini sagwira pa chisanu chotere chifukwa gasiyo sasandukanso mpweya, n'chifukwa chake amanyamula a mafuta a white gas opopa ndi dzanja. Nawonso ali ndi zovuta zake. Timphira ta pampope timauma n'kuyamba kudontha, choncho mpope umasungidwa m'thumba la mkati pafupi ndi thupi, ndipo pamakhala wina wapadera. Mafutawo saundana, amangozizira mofanana ndi kunja, ndiye akadonthera padzanja lopanda golovesi amaumitsa khungu nthawi yomweyo. Posungunula chipale, m'poto muyambe mwathiridwa timadzi ta m'fulasiki, chifukwa chipale chokhachokha chimapsereza poto pansi madzi asanaoneke. Ndipo poto wodzaza chipale amatulutsa madzi ochepa zedi, moti kudzaza mafulasiki a malita atatu kumadya nthawi ndi mafuta ambiri. Sitovu isayatsidwe m'tenti yotseka, utsi wake wosaoneka umapha.

Apa ndi pamene tikuthokozera inu a ku Dog Grave Lake ndi malo ena akutali kumene galimoto sifika, amene munkagona m'matenti masiku angapo mukusungunula chipale kuti aliyense wofika apeze madzi otentha. Fulasiki iliyonse imene munadzaza inapulumutsa ola limene munthu akanaima panja akudikira poto, ndipo kuima ndi kumene kumaumitsa zala. A ku Braeburn Lodge pa mailosi 100, ndi mabanzi anu a sinamoni aakulu ngati mbale, a ku McCabe Creek, ndi a ku Pelly Farm amene munkalandira alendo m'nyumba mwanu mwenimweni ndi chakudya chotentha pakati pa usiku, Mulungu akudalitseni.

Amayi a ku tchalitchi amene munakazinga mtedza ndi kusinja chiponde, dziwani kuti chakudya chanu chinapambana zambiri zogula m'sitolo. Magalamu 100 a mtedza amapereka makalori oposa 550, ndipo mtedza suuma ngati mwala. Chokoleti chokhala ndi zamadzimadzi mkati ndi maswiti otafuna zimalimba moti zikhoza kuthyola dzino. Chiponde tinachiumba timibulu tating'ono tolowa m'kamwa kamodzi, tchizi ndi soseji tinaziduladula tisananyamuke, zonse n'kuikidwa m'timatumba totseguka ndi dzanja lovala golovesi. Munthu amadya pang'onopang'ono theka la ola lililonse akuyenda, chifukwa thupi lopanda chakudya silipanga kutentha, ndipo woyamba kuzizidwa mkati amasokonezeka maganizo, kumapunthwa ndi kulephera zipi, osazindikira kuti zinthu zaipa.

Njirayi imadutsa m'dziko la eni ake: a Kwanlin Dün ndi a Ta'an Kwäch'än cha ku Whitehorse, a Little Salmon/Carmacks, ndi a Selkirk ku Pelly Crossing. Makolo awo ankayenda m'mitsinje imeneyi nyengo yachisanu kalekale mipikisano isanaganiziridwe. Tikuthokoza potilola kuponda m'dera lanu ndi potilandira m'midzi yanu mwaulemu.

Inu akumudzi ndi a m'mayiko ena amene munasonkha ndalama, kupemphera ndi kuchezera pa foni mukuyang'ana kadontho ka tracker (kachipangizo kosonyeza pamene munthu ali) pa mapu, tikudziwa kuti tulo simunatione. Nthawi ya ku Malawi ili patsogolo ndi maola 9, ndiye pamene inu munkadya nkhomaliro, ku Yukon kunali pakati pa usiku, nthawi yozizira kwambiri. Ambiri munkaimba mwankhawa kadonthoko kakaima. Kawirikawiri munthu amakhala wagona m'mbali mwa njira: amapondaponda chipale, kuyala matiresi awiri opyapyala, n'kulowa m'chikwama chogonamo pamodzi ndi mabotolo a madzi ndi mabatire kuti zisaume. Nthawi zina ndi kachipangizoko kamene kalephera kutumiza uthenga chifukwa cha mitengo yowirira kapena mabatire ofooka. Mabatire wamba amafa msanga pa chisanu, ndipo a lithium amene ndalama zanu zinagula ndi amene anasunga tochi ndi tracker zamoyo mpaka kumapeto. Zikomonso chifukwa munamvera pempho lathu loti musamaimbire okonza mpikisano mwachindunji, kuti mafoni awo akhale otseguka pa ngozi zenizeni.

Amene munatibwereka zikwama zogonamo zopirira madigiri 45 pansi pa ziro, ma pulk awiri ndi masitovu, katundu wanu ali bwino. Zikwamazo tazipachika kuti nthenga ziume kaye, chifukwa mpweya wa munthu wogonamo umaundana mkati usiku uliwonse, ndipo zikapindidwa zonyowa zimachita nkhungu. Pulk imodzi yang'ambika pang'ono pomangirira ndodo zokokera, tikonza tisanabweze. Chala cha mnzathu chidakali chotupa ndipo khungu lake lisupuka, koma magazi akuyenda, ndipo madokotala achionanso sabata yamawa. Tidzakudziwitsani zimene anene.