Masiku atatu ku Edinburgh, awiriwiri m'chisanu cha Disembala

Chisamukire ku Leeds ine ndi bambo akunyumba timangopatsana moni pakhomo, ine ndikuchokera ku naiti iwo akuthamangira basi ya m'mawa, miyezi kumatha osakhala pansi n'kudyera mbale imodzi. Ndiye titaona kuti ma off athu agwera pamodzi sabata yachiwiri ya Disembala sitinachedwe, ana tinawasiya kwa alamu anga, ife pa sitima wa ku Edinburgh, ku Scotland. Ndi maola ngati atatu basi, ndipo ngati mukupita khalani mbali ya kumanja chifukwa mukadutsa Newcastle njanji imakafika m'mphepete mwa nyanja, cha ku Berwick uko madzi mumawaona pafupi penipeni.

Titatsika pa siteshoni ya Waverley n'kukwera masitepe otulukira ku Princes Street, mphepo inatilandira ija abale, chiperoni cha ku Thyolo chichepa. Bambo anangondigwira dzanja n'kulilowetsa m'thumba la jekete yawo ndipo linakhala momwemo masiku onse atatu. Kwathu kuyenda mumsewu mutagwirana manja anthu akulu ngati ife zimachititsa manyazi, ineyo ndinali ndisanayendepo nawo chonchi chikwatirane, ndipo sindinafune kulichotsa.

Munda wa Princes Street Gardens unali utadzaza ndi msika wa Khirisimasi, magetsi paliponse, fungo la soseji ndi chokoleti yotentha, koma bambo ankasaka chinthu chimodzi, chipilala cha David Livingstone. Tinachipeza pafupi ndi nsanja yakuda ija ya Scott Monument, waima Baibulo lili m'manja. Anachiika mu 1876, chaka chomwecho chimene amishoni a Church of Scotland anayamba mishoni ya Blantyre. Bambo anakulira mu CCAP, amapemphera ku St Michael and All Angels ali mwana, ndiye anaima pamenepo nthawi yaitali anthu akungodutsa ndi makapu awo osachiyang'ana n'komwe, kenako anayamba kundifotokozera za agogo awo omwe anali mkulu wa mpingo, nkhani zoti zaka zonsezi sindinazimvepo.

Tsiku lachiwiri tinakwera msewu wa Royal Mile wapansi mpaka ku Edinburgh Castle, miyala yake yamumsewu ikanyowa imaterera ndiye valani nsapato zogwira pansi. Tinafika nthawi yabwino yoti tione mfuti yaikulu imene amaomba 1 koloko masana, anayamba mu 1861 kuti oyendetsa zombo azikonzera mawotchi awo, ndipo Lamulungu saomba. Koma chomwe chinandikhudza ine ndi katchalitchi ka St Margaret's Chapel kali pamwamba penipeni, nyumba yakale kuposa zonse mumzindawu, ya zaka za m'ma 1100. Ndi kakang'ono zedi, makoma ochindikala, timawindo tating'ono, ndipo mpaka lero anthu amamangitsiramo maukwati. Wathu ukwati unali wa holo yodzaza, perekaniperekani mpaka dzuwa kulowa, tsiku lonse sitinayankhulane mawu ngakhale khumi. M'katchalitchi kaja tinakhala pa benchi awiriwiri, bambo anati "Mayi, tiyeni tipemphere," anapempherera ana, makolo kumudzi, kenako banja lathu, ine misozi inangotsika.

Dzuwa kumeneko Disembala limalowa 4 koloko isanakwane, ndiye mdima utagwa tinalowa m'kalesitilanti kena kotsikira ku Grassmarket. Ndinayamba ndi Cullen skink, supu wa nsomba yowamba ya haddock wophika ndi mbatatesi, anyezi ndi mkaka. Fungo la utsi lija linandifikitsa ku Mangochi nthawi yomweyo, ngati chambo chowamba chili pamoto, kungoti mkaka mu nsomba ndinali ndisanayerekezepo, koma ndi wokoma ndipo umatenthetsa mpaka kuzala zakumapazi. Bambo anaitanitsa haggis, imene anzathu ambiri amaiopa akamva kuti ndi mtima, chiwindi ndi mapapo a nkhosa zogaya pamodzi ndi oats, anyezi ndi tsabola. Koma munthu woti wakula akudya zam'kati za mbuzi pa chiwaya angaope chani? Amaika ndi mbatatesi yopota ndi neeps, ndiwo ina yamizu yachikasu yotsekemera pang'ono. Tinasinthana mbale pakati, ine ndinamaliza haggis yawo iwo supu wanga, ndipo tinakhala pa tebulo lija maola awiri palibe amene anatulutsa foni.

National Museum of Scotland tinangoilowa mwachangu m'mawa wa tsiku lomaliza, ndi yaulere, nkhosa yotchuka ija Dolly, imene asayansi anaipanga kuchokera ku selo la nkhosa ina, ili mmenemo itaumitsidwa. Mtima wanga unali pa Calton Hill, kaphiri kosavuta kukwera, mphindi zochepa mwafika pamwamba. Tinafika cha m'ma 3, kumwamba kukufiira kuseri kwa Castle, mbali inayi phiri la Arthur's Seat, kumpoto madzi a Firth of Forth, magetsi a mumzinda akuyaka limodzilimodzi. Mphepo inali yoluma makutu moti anthu ankangojambula n'kutsika, ife tinakhala mpaka kunada titafunda sikafu imodzi.

Potsika tinagulira ana mabisiketi a shortbread, ndipo mu sitima bambo anatulutsa rota yawo ine yanga, tinayamba kusaka sabata ina mu Febuluwale.